Apongozi Anga ndi Ovololo ya Malemu

Titaika maliro a apongozi anga, aNanyoni, achibale anakhala pansi kugawa zovala monga mwa mwambo. Zitenje zinapita msanga, majuzi nawo anapeza eni ake. Pansi pa sutikesi panatsala ovololo ya buluu, yothetheka, ya zigamba m'mawondo monse. Amene ankagawa anaikweza m'mwamba nafunsa kuti ipite kwa yani. Achikulire anayang'ana pansi. Atsikana anagwira pakamwa kubisa phwete. Akazi anga, Edina, amene ndi mwana wawo wachiwiri, anadzuka naitenga osafunsa munthu.

Adzukulu awo ena sakudziwa kuti chovala chimenecho chinagwedezapo mudzi ndi mpingo. Ndalemba izi kuti adziwe.

Ndinabwera m'mudzi mwawo, kufupi ndi Tsangano, ngati mkamwini. Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pa mphasa imodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. ANanyoni mwambowu ankausunga, koma mwa njira yawoyawo. Akafuna kundidzudzula ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ndi nkhuku. Ankaiuza nkhukuyo kuti mizere ya anthu ena yakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Ine ndinkamva, m'mawa mwake n'kukaikonza.

Anali munthu wamfupi, woyenda ngati walandira uthenga woipa. Munda wawo wa mbatatesi unali pamtunda, pamalo poti ngolo sifika, ndipo zokolola ankatsitsa okha pamutu, ndowa imodziimodzi, kufikitsa pamsewu pamene amalonda a ku Lizulu ankadzatengera. Sankakonda kupatsidwa mpando. Akapita kukacheza ankalankhula ataimirira, kapena ankapeza nyemba zoti asole. Chinthu chimodzi chokha ankachisamala ngati dzira: bulauzi yoyera ndi mpango woyera za gulu la amayi a mpingo. Ankazisita ndi simbi ya makala, n'kuzikulunga m'chitenje chakechake. Pamaliro ndiwo ankayambitsa nyimbo, ndipo m'tchalitchi ankakhala pa benchi yoyamba ya kumbali ya amayi.

Za kudana kwawo ndi mpando ndinazimvetsa pambuyo pake. Amuna awo, a Ngozo, anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitayamba. Anabwerako ndi sutikesi, wailesi ndi chifuwa. Pofuna kuwalemekeza, abale anawalanda khasu n'kuwakhazika pakhonde. Madzi ankawapatsira pomwepo, chakudya pomwepo. Miyendo inayamba kufota, kenako sankathanso kufika kuchimbudzi popanda wowagwira. ANanyoni ankanena kuti mgodi unawayamba amuna awo, koma chimene chinawamaliza ndi ulemu wa abale.

Bondo lawo linavulala matipate atangobwera kumene. Inali nyengo ya mvula. Akutsika kumunda ndi ndowa pamutu, phazi lamanja linatitimira m'matope, thupi n'kupotokera kwina. Iwo ankati anamva kulira m'kati ngati nzimbe ikuthyoka. Pofika madzulo bondo linali ngati dzungu.

Tinachita zimene aliyense akanachita. Tinawakhazika. Anabwera munthu wodziwa zitsamba n'kuwatema mphini kuzungulira bondo. Tinkawathowa ndi madzi otentha. Kutupa kunaphwa, koma akati aponde, mwendo unkawagonjera. Mvula inatha ali pa mphasa, ndipo ntchafu ya mwendowo inaonda mpaka kusiyana ndi inzake. Mbatatesi za chaka chimenecho tinakumba ife.

Mwana wawo woyamba, Roda, amakhala ku Blantyre. Anabwera n'kunena za mumtima mwake: amayi akalamba, asamuke, akakhale kwa iye, kuli mpando wa khushoni ndi wantchito, munda wa pamtunda upatsidwe kwa ena. Achibale onse anavomera. ANanyoni anayankha kuti ku Blantyre apita kukaonana ndi madokotala, koma sakukasiyidwa pangodya ngati wailesi. Anagwirizana chimodzi: mwendo ukapanda kuwafikitsa kumunda pofika nyengo yokumba yotsatira, asamuka osatsutsanso.

Zimene zinachitika kuchipatala anandifotokozera ndi Edina, amene anawaperekeza. Atawapima, anawatumiza kwa dokotala wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo. Anali mtsikana, ndipo anavala buluku. ANanyoni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Agogo," anatero mtsikanayo, "ndowa mumasenza popanda nkhata?"

"Ndine wamisala?"

"M'bondomu mulinso kankhata, pakati pa fupa la m'mwamba ndi la m'munsi. Kanu kang'ambika. Ndiponso pamene mafupawo amakhudzana payamba kuperepeseka ndi ntchito."

"Ndiye kasokeni. Ulusi mulibe?"

Mtsikanayo anaseka, n'kuwauza kuti ena amawachitadi opaleshoni, makamaka ngati bondo likukanirira osawongoka. Lawo linkawongoka. Anati pa msinkhu wawo mpeni sungabwezere kankhatako kukhala katsopano. Chimene chingathandize ndi kulimbitsa ntchafu ndi chiuno kuti katundu asamathere pa bondo lokha. Anawagoneka chagada n'kuwaonetsa: kuwongola mwendo ndi kukanikiza kuseri kwa bondo pansi, kukweza mwendo uli chiwongolere, kukokera chidendene ku thako, ndi kupinda mawondo n'kukweza chiuno m'mwamba. Anati zimenezi zikayamba kupepuka, adzayambe kukhala ndi kudzuka pa mpando osagwira, kukwera ndi kutsika pa chiwundo, ndipo ngati njinga ilipo, kupalasa. Kupweteka pang'ono asakuope. Koma bondo likatupa n'kugona lili chitupire, achepetse.

"Kuchepetsa, agogo. Osati kusiya."

"Nanga mankhwala?"

"Ndi amenewa."

Vuto linaoneka tsiku loyamba atabwerako. Mayi wovala chitenje sangagone chagada n'kukweza mwendo. Anayesa kuchimanga pakati pa miyendo, chinkamasuka. Anayesa kuchitira m'nyumba, koma munali mdima, mbewu ya mbatatesi ili mbwee pansi, ndipo chisanu cha kuno chimalowa m'mafupa. Bondo linkafuna dzuwa. M'mawa wina Edina anabwera kunyumba kwathu akuthamanga pang'ono.

"Lero musadutsire pabwalo pa amayi."

"Kwagwanji?"

"Avala ovololo ya ababa."

Tikumbukire nthawi yake. Lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku linali litangochotsedwa, ndipo kumudzi kuno mkazi wa buluku tinkangomumva kuti aliko m'tauni. Tsono uyu sanali mtsikana wa m'tauni. Anali mayi wamasiye, woyambitsa nyimbo pamaliro, atagona chagada pa mphasa dzuwa likutuluka, m'chovala cha munthu wakufa, akukweza chiuno m'mwamba.

Pofika masana mudzi wonse unali utamva. Amayi opita kumjigo anayamba kuzungulira njira yodutsa pakhomo pawo. Woyamba kulankhula anali aNachisale, mnzawo wa ubwana, amenenso anali mtsogoleri wa gulu la amayi a mpingo.

"Anzanga, chinamwali mwachiyambiranso? Mwamuna wake ndani, tikamuuze adyeretu zokwanira?"

"Wanu yemwe uja," anayankha aNanyoni, chiuno chili m'mwamba. "Poti inu chinauma kale."

Ana anawapatsa dzina loti agogo a matipate. Anthu ankati ufulu uja ankaunena pa wailesi walowa m'mudzi kudzera m'miyendo ya aNanyoni. Iwo ankayankha kuti alibe chipani, ali ndi bondo.

Ine ndinaganiza zowamangira mpanda wa udzu. Nditayamba kukumba maenje, ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku inkauzidwa kuti anthu ena akufuna kutchinga dzuwa limene sanalilenge, ndipo kuti akanakhala anzeru akanatenga njinga yawo yakale ija n'kuikweza pa mitengo kuti gudumu lam'mbuyo lizizungulira m'malere. Ndinakwirira maenjewo. Njinga ndinaimangirira pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu pansi pa mtengo wa mapichesi. Kuyambira pamenepo m'mawa ndinkatulukira khomo lakuseri, ndipo ndinkadziwa kuti ali moyo pomva tcheni chikulira.

Amene nkhaniyi inawapweteka kwambiri anali a Yotamu, mng'ono wa malemu a Ngozo, amenenso anali mkulu wa mpingo. Iwo anali ndi milandu iwiri. Pamaliro a mkulu wawo, zovala zikugawidwa kwa abale a mwamuna monga zimakhalira, ovololoyo inasowa. Tsopano inali itaoneka. Anabwera n'kuima patali, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Alamu, chovala icho n'cha achimwene."

"Ndikuchidziwa. Ndinkachapa ndine."

"Tinachifunafuna tsiku lija."

"Munatenga jekete, majombo ndi chipewa. Matupi muli nawo angati?"

"Zovala za wakufa savala mkazi wake. Mukuwaitana."

"Abwere. Adzaone kuti ine sindikhala pakhonde."

A Yotamu sanali munthu woipa. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti Malemba amaletsa mkazi kuvala za amuna, ndipo ankaona kuti dzina la mkulu wawo likusekedwa kumjigo. Nkhani anaitengera ku bwalo la mpingo.

ANanyoni ndinawatengera kutchalitchi pa njinga yobwereka, ine ndikukankha, iwo ali pa kaliyala, aliyense akuyang'ana kwake. Ndinalowa nawo ngati mboni ya banja. M'chipinda cha akulu a mpingo, mayi amagwada popereka moni, kenako amakhala pansi. ANanyoni sakanatha. Anakhala pa benchi, mwendo atauwongola kuloza kumene kunali akuluakuluwo, ndipo zimenezi zokha zinaipitsa nkhope zingapo.

Akuluakuluwo anawauza kuti mpingo sukuletsa mankhwala. Ukuletsa chovalacho, ndi kudzigoneka pabwalo anthu akuona. Iwo anafotokoza za chitenje, za mdima ndi za chisanu. Wina anati achitire m'nyumba basi, Mulungu adzaona kumvera kwawo. Wina anati munthu wa msinkhu wawo kutsimphina si manyazi, ali ndi ana oti awasunge. Pomaliza a Yotamu ananena chigamulo: asiye ovololo, kapena abweze bulauzi ndi mpango kufikira atalapa.

ANanyoni anamasula kathumba kamene anali atakafungatira njira yonse. Munali bulauzi ndi mpango, zositasita. Anali atadziwiratu. Anaziika pa tebulo n'kuzisalaza ndi dzanja.

"Muzisunge pouma," anatero. "Zimachita nkhungu."

Edina akuti tsiku limenelo amayi ake analira, ndipo m'mawa mwake tcheni chinalira nthawi yake yomweyo.

Sindinganame kuti zinayenda bwino nthawi zonse. Atangoona kuti akutha kufika kumjigo opanda ndodo, anasenza ndowa yodzaza. Bondo linatupanso, ndipo anakhala masiku akulephera kuponda. Amene ankayembekezera zimenezi anasangalala. Kunamveka kuti a Ngozo akwiya kumanda. Roda anatumiza uthenga kuti chipinda chakonzedwa. Edina anawatengeranso kuchipatala, kumene mtsikana uja anawakalipira ngati mwana, n'kuwabwezera ku mafizo oyambirira. Atabwerako, kwa kanthawi anamvera munthu kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni. Ankayamba ndi theka la ndowa. Chiwundo cha khonde lawo ankachikwera ndi kutsika mpaka chinakumbika pakati.

Kumunda anabwerera pang'onopang'ono. Poyamba ankafika pa mtsinje n'kubwerera. Kenako pa mwala waukulu wa pakati pa chitunda. Tsiku lina ndikupalira ndinamva kumtunda kwanga munthu akuuza khwangwala kuti anthu ena asiya udzu m'mphepete mwa munda ngati akuweta akalulu. Sindinatembenuke. Ndinangoti, "Zikomo, amayi."

Mbatatesi za chaka chimenecho anakumba okha. Roda anabwera, anawaona akutsika chitunda ndi ndowa, ndipo za Blantyre sanazitchulenso.

Apa m'pamene mpingo unafuna kukonza zinthu. Maliro anali atachitika angapo opanda woyambitsa nyimbo wodziwa, ndipo amayi ankadandaula. ANachisale anabwera kudzawauza kuti akuluakulu afewa. Ovololo sakuifunsanso. Chongofunika n'chakuti akagwade pamaso pa bwalo n'kunena kuti analakwa, basi, bulauzi ibwerera.

"Mawu awiri okha, anzanga. Ine ndatopa kuyambitsa nyimbo, mawu anga ali ngati a bakha."

"Ndipita," anatero aNanyoni.

Ulendo uno anayenda wapansi, ine ndi Edina tikutsatira m'mbuyo. Anavala chitenje chabwino. Atalowa m'chipinda chija anapita pakati, napinda mawondo onse awiri, nagwada mpaka pansi, naomba m'manja.

"Moni, azibambo."

M'chipindamo munamveka kunong'onezana kwa chisangalalo. Munthu amene anabwera pa kaliyala uja anali atagwada ngati mtsikana. A Yotamu anamwetulira, natulutsa kathumba kaja n'kukaika pa tebulo.

"Tathokoza, alamu. Mulungu ndi wabwino. Tsopano nenani mawu anu, mpingo ukumva."

ANanyoni anadzuka. Sanagwire benchi, sanagwire pansi, sanatambasulire munthu dzanja. Anangoponda phazi limodzi kutsogolo n'kuimirira, manja ali pachifuwa.

"Kugwada kuja kunali moni," anatero. "Ndakhala nthawi yaitali ndisanakupatseni moni woyenera, ndiye ndabwera kudzapereka. Kupepesa ndiye ayi. Mwaona nokha chimene chandidzutsa pansipa. Mukufuna ndinene kuti chimenechi ndi tchimo? Ndikanena, ndiye kuti ndanama m'nyumba ya Mulungu, ndipo mudzandiitananso pa mlandu wa bodza."

"Alamu, musaumitse mtima."

"Mtima ndi wofewa, alamu. Chimene ndaumitsa ndi ntchafu."

Wina kumbuyo anatsokomola pofuna kubisa kuseka. ANanyoni anayang'ana kathumba kaja kanthawi ndithu. Kenako anatembenuka n'kutuluka, kathumba kali pa tebulo pomwepo.

Bulauzi ija sinabwererenso. Abusa anasintha kangapo, a Yotamu anamwalira, akazi a mabuluku anadzaza msika wa Tsangano, ndipo panafika nthawi yoti palibe akanawafunsa kupepesa. Koma panalibenso amene anabwera kudzanena kuti bwalo lija linalakwa, ndipo iwo ankati sangakapemphe chinthu chimene sanachitaye. Mafizo sanasiye mpaka chaka chawo chomaliza, ngakhale bondolo linkawakumbutsa nyengo yozizira iliyonse. Ankanena kuti silinachire, linangopeza antchito olithandiza, ndipo antchitowo ukawasiya amathawa.

ANachisale nawo bondo linadzawavuta. Anabwera mozemba kudzapempha kuti awaphunzitse. ANanyoni anawauza kuti ayambe apita kuchipatala akawapime, chifukwa mawondo amasiyana ngati ana a mimba imodzi. Akakabwerako, mphasa ilipo ndipo ovololo ndi yobwereketsa. ANachisale anapita, koma anagula buluku lawo pa kaunjika, ndipo ankalivala m'kati mwa chitenje mpaka pakhomo.

Chimene chinawatenga sichinali bondo. Anadwala chibayo mwezi wa chisanu, sabata imene anali atangotsitsa mbewu kumunda. Pamaliro awo amayi a mpingo anaimba, koma sanavale zoyera, pakuti malamulo a gulu salola kuvalira munthu amene sanali m'gulumo. Iwo ankadziwa kuti zidzatero. Anamuuziratu Edina kuti asadzakangane ndi munthu pa nkhani imeneyi.

Chichokereni pa benchi yoyamba, aNanyoni ankakhala pa benchi yomaliza, kumapeto kwenikweni, pafupi ndi khomo la amayi. Kumeneko kumakhala ochedwa ndi a ana olira. Iwo anapakonda chifukwa ulaliki ukatalika ankatha kuwongolera mwendo wawo m'kanjira kodutsamo anthu, n'kumaukweza pang'onopang'ono pansi pa chitenje. Nyimbo ikayamba mofooka kutsogolo, mawu awo ankaitola kuchokera kumbuyoko, ndipo tchalitchi chonse chinkatsatira.

Lamulungu lapitali ndinayang'ana kumbali ya amayi. Benchiyo inali yodzaza, ena atapanikizana mpaka kunyamulana ana, koma kumapeto kwake kunatsala malo a munthu mmodzi. Simenti ya pansi pamenepo ndi yosalala kuposa pena paliponse, pamene chidendene chinkakhula. Amayi olowa mochedwa ankafika pamenepo n'kukweza phazi, kulumpha mwendo umene palibe.